Mabuleki a njinga yachagada akamatha mphamvu pa mtsetse wautali

Chimayamba ndi fungo. Mukamatsika phiri pa njinga ya matayala atatu, ija yopalasa mutakhala chagada miyendo ili kutsogolo, mphuno ndi imene imadziwa manja asanamve kanthu: kafungo ngati ka mphika wopserera, kosakanikirana ndi ka labala. Mukangodutsa makona awiri atatu, mumafinya buleki monga mwa masiku onse koma njinga osamva. Mumafinyanso ndi mphamvu, iyo ikungopita.

Ine zimenezi zandichitikira katatu, ndipo koyamba kanali pa Khwekhwerere, msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Njingayi ndinagula kwa mlendo wina amene anabwera nayo chopalasa kuchokera kumpoto, atafika mu Lilongwe muno n'kuona kuti kuikweza ndege kumudyera ndalama zambiri. Msana wanga unali utakana kale chishalo cha njinga wamba, ndiye ndinaiona ngati mankhwala. Anyamata a kabaza kwathu ku Area 25 mpaka lero amandikuwa, “Madala, bedi ija mwainyamulanso?” Mutauni muno mabuleki ake sanandivutepo ngakhale tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndinanyamuka wopanda nkhawa: tsiku loyamba makilomita pafupifupi 85 kukagona ku Dedza, mawa lake kutsikira kunyanja. Pa kona ina yokhotera kumanzere njinga inakana kuima, ndinadutsa mzere wapakati n'kukaima m'maudzu a tsidya linalo. Mwayi wake kunalibe galimoto yokwera. Mayi wina amene anasenza nkhuni anangoima n'kunena kuti, “Bambo, matayala anuwo akufuka.” Anali madisiki a mabuleki, utsi uli tolo.

Nditafika nayo kwa amisiri, aliyense ankati mabuleki ali bwinobwino, ndipo sankanama. Akazizira amagwira. Apa ndi pamene vutoli limapusitsira anthu: pa malo okonzera njinga silioneka, limadikira mtsetse.

N'chifukwa chiyani njinga iyi makamaka?

Buleki sichita china koma kusandutsa liwiro kukhala moto. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu, njinga, tenti, madzi ndi kamba wapaulendo, tinene kuti zonse ndi makilogalamu 130. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita 470 ndi kakusefukira. Kusiyana kwake kukuposa mamita 1,000. Katundu wolemera choncho akatsika mamita 1,000, mphamvu imene imatuluka ndi yokwanira kuwiritsa malita a madzi pafupifupi anayi. Tsono yang'anani tizitsulo timene tikuyenera kulandira moto umenewo: madisiki awiri a mamilimita 160, opyapyala kusafika mamilimita awiri, ndi timapadi toluma madisikiwo, tating'ono ngati chala chachikulu.

Pa njinga wamba mphepo imathandiza kwambiri. Wopalasa amakhala tsonga, chifuwa chili poyera, akafuna amadzuka pa chishalo n'kutambasula zigongono, mphepo n'kumamukankha. Ife a chagada tinagula njinga yopangidwa dala kuti izibowola mphepo. Pa msewu wathyathyathya wa ku Mchinji zimenezi n'zokoma, koma pa mtsetse ndiye kuti ntchito imene mphepo ikanagwira yatsalira mabuleki. Kuwonjezera apo, njinga zambiri za mtunduwu, za makampani a ICE, HP Velotechnik, Catrike ndi AZUB, zili ndi matayala awiri kutsogolo ndi limodzi kumbuyo, ndipo mabuleki enieni ali kutsogolo kokha, dzanja lililonse tayala lake. Yakumbuyo, ikakhalapo, kawirikawiri ndi yongomangira njinga mukaima.

Koma chachikulu si chitsulo, ndi mantha. Mukakhala pansi choncho, thako lili pafupi ndi phula, liwiro laling'ono limaoneka ngati la mtondo wadooka. Dzanja limangogwira buleki pang'ono osaisiya, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kukhuza kotereku ndi kumene kumapha mabuleki, chifukwa padi ndi disiki sizipeza mpata wopuma.

Dzanja likuuzeni chimene chavuta

Mukaima, musanatulutse sipanala, kumbukirani mmene chogwirira buleki chinamvekera m'manja. Pamenepo ndi pamene pali yankho.

Ngati chogwirira chinali cholimba gwa monga mwa nthawi zonse koma njinga osaima, ndiye kuti mapadi atentha kupyola muyeso wake. Mapadi ambiri otsika mtengo amamangidwa ndi utomoni, ndipo utomoniwo ukapsa umasiya kugwira. Akazizira mphamvu imabwerako, koma osati yonse. Achotseni muwaone padzuwa: akakhala osalala, onyezimira ngati pansi pa botolo, apsa. Yalani sandipepa pa chinthu chosalala, ngakhale pa galasi kapena pa simenti yabwino, n'kumakhuza padiyo mozungulira mpaka kunyezimirako kutatha. Musagwire sandipepa m'manja n'kumapala padi ili m'malere, imatha mopendekeka. Disiki nayo ipaleni pang'ono mbali zonse ziwiri, kenako muipukute ndi sipiriti pa kansalu koyera. Palafini ayi, petulo ayi, zimasiya mafuta. Izi n'zoti mufike nazo kumene mukupita. Mankhwala enieni ndi kusintha mapadi n'kuika achitsulo, aja ooneka ngati mkuwa. Amalira kukagwa mame ndipo amadya disiki msangako, koma pa phiri sagonja msanga. Musanagule onani pa disiki penipenipo, chifukwa madisiki ena a Shimano otsika mtengo analembedwa kuti ndi a mapadi automoni okha.

Ngati chogwirira chinafewa wofuwofu mpaka kukagunda handulo, funso ndi lakuti mabuleki anu ndi a mafuta kapena a waya. A mafuta akatero ndiye kuti mafutawo awira, mwalowa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pamene mafuta safinyika. Kupopa chogwirira kangapo mofulumira kungakupatseni mphamvu yoti muime, koma imani basi, musati mwakonza. Mafuta a DOT, aja a mabuleki a galimoto, amamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 yatsopano siwira isanafike madigiri 230, koma ikamwa madzi muyeso wake umatsika mpaka 155. Ndiye ngati yakhalamo dzinja limodzi kapena awiri, ichotseni musananyamuke.

Pamenepa pali msampha umene ndinagwamo ndekha. Mabuleki a Shimano ndi a Magura salandira DOT, amafuna mafuta awoawo. Mnyamata wina wokonza njinga zamoto ku Biwi, pofuna kundithandiza, anathira mafuta a mabuleki a galimoto. “Abwana, buleki ndi buleki,” anatero. Patangotha masabata ochepa timalabala tam'kati tinatupa, buleki yakumanja inayamba kumata yokha, ndipo ndinataya zonse ziwiri. Sindimuimba mlandu, ine mwini wake ndinali pomwepo ndikungogwedeza mutu. Werengani pa chivundikiro cha mafutawo, pamalembedwa.

Kuchokera apo ndinaika mabuleki a waya, Avid BB7, ndipo kwa munthu woyenda mitunda italiitali m'Malawi muno ndinganene mosazengereza kuti waya ndi wabwino. Mulibe choti chiwire, ndipo waya wa buleki mumaupeza ngakhale pa msika wa Chimbiya. Koma nawo ali ndi khalidwe lawo. Mapadi akamatha, a mafuta amadzisendeza okha, a waya sadzisendeza. Pa mtsetse umodzi wautali, makamaka wa fumbi kapena wonyowa, mapadi angathe kulekana ndi disiki mpaka chogwirira kufika pa handulo. BB7 ili ndi tizipukuso tiwiri, kam'kati ndi kakunja. Sendezani mapadi ndi timeneto, osati kumangokoka waya. Mukamangokoka waya, kamkono ka buleki kamayambira pakati pa ulendo wake ndipo kamakathera kumapeto padi isanalume. Padi ikatsala theka la milimita, yatha. Disiki ya Shimano ikafika milimita 1.5, nayonso yatha, ndipo muyeso umenewu amaudinda pa disiki pomwepo.

Onaninso chikopa cha waya. Pa njinga zimenezi chimakhota kwambiri pansi pa mpando ndipo fumbi la Lilongwe la mwezi wa Seputembala limalowamo. Mukafinya buleki n'kuona chikopacho chikuvinavina, mphamvu ya dzanja lanu ikuthera m'menemo.

Njinga ikamakokera mbali imodzi

Ili ndiye vuto la ife a matayala atatu okha, ndipo pa kona ndi loopsa kuposa lina lija. Popeza tayala lililonse lili ndi buleki yake, imodzi ikagwira kuposa inzake njinga imakhotera komweko. Pa mtsetse zimakula chifukwa cha chizolowezi cha manja: wamanja amafinya kwambiri kumanja osadziwa, buleki imeneyo imatentha msanga n'kufooka, kenako mwadzidzidzi njinga imayamba kukokera kumanzere. Ine ndinadzazindikira zimenezi nditayala mapadi onse anayi pa nyuzipepala. Akumanja anali atatsala pang'ono kutha, akumanzere ngati atsopano.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pezani msewu wopanda magalimoto, thamangani pang'ono, finyani buleki imodzi yokha, kenako inayo. Zizigwira pa mtunda wofanana wa chogwirira, ndi mphamvu yofanana. Mapadi muzisintha mbali zonse tsiku limodzi, a mtundu umodzi. Mpweya nawo uzikhala wofanana m'matayala awiri akutsogolo. Ngati zonsezi zili bwino koma ikukokabe, kapena matayala akutsogolo akutha msanga modabwitsa, yezani mpata wa pakati pawo, kutsogolo ndi kumbuyo kwa malimu, munthu atakhala pampando. Miyeso iwiriyo isamasiyane kuposa milimita imodzi kapena awiri. Dzenje limodzi la pa M1 limatha kusokoneza zimenezi.

Kulira kwa kwiii kotsagana ndi kufooka, ngakhale mabuleki ali ozizira, nthawi zambiri ndi mafuta a tcheni. Tcheni cha njinga iyi ndi chotalika ngati zitatu zolumikiza, timachithira mafuta kawirikawiri, ndipo chimadutsa pakati pa matayala akutsogolo. Dontho limodzi pa disiki lakwana. Disiki imatsukika, koma padi yomwa mafuta itayeni. Ena amaiwotcha pa mbaula kuti mafuta atuluke; pa njinga yopita kumsika chitani, pa phiri ine sindingaikepo moyo wanga. Chogwirira chikamagunda m'manja ngati mtima, disiki yapindika. Yopindika pang'ono imawongoka ndi shifiting'i yoyera, pang'onopang'ono. Imene yasanduka yabuluu n'kupindika ngati chipapati, isintheni.

Amene njinga zawo zili ndi mabuleki a m'habu a Sturmey-Archer, aja obisika pakati pa tayala m'malo mwa disiki, ali ndi mwayi pa nkhani ya fumbi ndi matope, ndipo nsapato zake zimakhala zaka. Koma moto ukalowa m'habu umachedwa kutuluka, girisi wa m'mabering'i amasungunuka, ndipo akayenderera pa nsapato za buleki mphamvu imathera pomwepo. Alipo a mamilimita 70 ndi a 90. Ngati mumanyamula katundu m'mapiri, a 90 ndiye anu.

Katsikidwe kake

Mutha kugula zitsulo zonse zabwino, koma mukatsika chokhuza zipsabe. Chimene ndinaphunzira movutika ndi ichi: pamene msewu wawongoka ndipo mukuona patali, siyani mabuleki njinga ipite, mphepo idye gawo lake, madisiki azizire. Kona isanafike, finyani onse awiri mwamphamvu kwa kanthawi kochepa mpaka liwiro litatsika kwenikweni, kuposa mmene mtima ukufunira, kenako siyani. M'kati mwa kona musamafinye mwamphamvu. Njinga iyi siipendekeka ngati ya matayala awiri, ndiye thupi lanu ndi limene liyenera kupendekera m'kati mwa konayo. Mukachedwa, tayala lam'kati limanyamuka, ndipo mukachita mantha n'kufinya buleki pamenepo mumagubuduzika.

Pali malo ena pamene njira imeneyi siitheka, potsetsereka kwambiri makona ali motsatizana. Msewu wa Gorodi wochoka ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba uli ndi makona okwana 20, miyala yokhayokha, palibe poti mungaisiye njinga ithamange. Malo otero tsikani pang'onopang'ono zedi, liwiro la munthu woyenda pansi, chifukwa moto umalowa pang'ono ndipo umapeza nthawi yotuluka. Choopsa ndi liwiro lapakatikati, losathamanga mokwanira kuti mphepo ikuthandizeni komanso losachedwa mokwanira kuti zitsulo zipume. Tsoka lake, ndi liwiro limene munthu wamantha amasankha.

Muziima musanamve fungo. Ine pa Khwekhwerere tsopano ndimaima kanayi kapena kasanu, mphindi khumi pa malo, ndikudya nthochi n'kumayang'ana chigwa ndi nyanja patali. Mukaima musasiye buleki yotentha itafinyidwa, padi imadinda pa disiki n'kusiya chipsera chimene chimadzagundagunda pambuyo pake. Pingasani njinga, ikani mwala ku tayala. Musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika. Ndipo musaigwire pofuna kumva ngati yazizira. Ndili ndi chipsera pa mkono wamanja chooneka ngati kachigawo ka mwezi, chifukwa pa njinga iyi madisiki ali pompo pamene dzanja limafikira mukamadzuka pampando. Dontho la malovu likuuzani: likati tswee, khalani kaye.

Buleki yakumbuyo ingathandizeko pang'ono pa msewu wowongoka ngati kumbuyo kuli katundu wolemera, koma pang'ono penipeni. Mukafinya mabuleki kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka, ndipo likangomangika limaseseleka, njinga n'kutembenuka kuyang'ana kumene mwachokera. Ngati yakumbuyoyo ndi yogwira pa limu, dziwaninso kuti limu yotentha imasungunula zigamba za chubu. Anzathu a njinga wamba otsika ndi matumba a mbatata kuchokera ku Bembeke amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake ena amatsika n'kumaikoka.

Kanthu kena kamene si ka mabuleki koma kamachitikira pa mtsetse pomwepo: phazi likaterereka pa pedulo n'kugunda pansi, limakokedwera kunsi kwa njinga ndipo mwendo ungathyoke. Mangani mapazi. Ngati mulibe nsapato zomata pa pedulo, lamba wa chubu chakale wodutsa kuseri kwa chidendene amagwira ntchito. Musayesere kuimitsa njinga ndi mapazi ngati mmene timachitira pa njinga wamba. Mabuleki akakana, yang'anani kumene kuli udzu kapena kumene msewu wa m'mbali ukukwera, osati kumene kuli phompho.

Nyengo nayo iwerengereni. Mu Juni ndi Julayi ku Dedza m'mawa kumazizira moti zala zimachita dzanzi, ndipo chala chadzanzi sichidziwa ngati chafinya kwambiri kapena pang'ono. Valani magolovesi, dikirani nkhungu ichoke. Mu Okutobala n'zosiyana: tsikani m'mamawa, chifukwa mukamayandikira Golomoti masana mpweya weniweniwo umakhala ngati wa m'ng'anjo. Mbendera yaitali yowala isachoke pa njinga. Woyendetsa lole amene akutsika kumbuyo kwanu nayenso akulimbana ndi mabuleki ake, ndipo inu muli m'munsi mwa bampala yake.

Zoti muchite musanatuluke mu Lilongwe

Safunsa anadya phula, koma pa njinga iyi ngakhale mutafunsa, amisiri ambiri a m'midzi aiona koyamba. Matayala a mainchesi 20 sadetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambiri ndi saizi imodzi ndi ya njinga za BMX za ana ndipo mumsika waukulu wa Lilongwe amapezeka. Ingoonani nambala 406 pa tayalalo. Mapadi ndiye nkhani ina. Tengani padi yakale m'thumba pokagula, muyerekeze maso ndi maso, chifukwa amafanana mayina koma amasiyana makutu. Mukawapeza gulani ambiri. Ine ndimanyamula mapeya awiri a mapadi apadera, waya mmodzi wautali, alenikiyi, kasandipepa ndi kabotolo ka sipiriti, zonse m'kathumba ka pulasitiki kotalikirana ndi botolo la mafuta a tcheni. Ngati njinga yanu ikulola madisiki a mamilimita 180, ikani. Chitsulo chochuluka chimachedwa kutentha.

Mapadi atsopano musapite nawo kuphiri osawazoloweza. Pezani kamtsetse, thamangani pang'ono, finyani mwamphamvu mpaka kutsala pang'ono kuima, siyani, bwerezani kakhumi kapena kupitirira. Mudzamva mphamvu ikukwera yokha. Chitani mbali iliyonse payokha, kenako zonse pamodzi.

Pomaliza pake, kayeseni mutanyamula katundu yense wa paulendo, osati njinga yopanda kanthu. Lilongwe ili pa mamita 1,050 ndipo ndi yathyathyathya, mitsetse yake yotsikira ku mtsinje wa Lilongwe kapena wa Lingadzi imatha mabuleki asanafunde n'komwe. Ine ndimapita ku Kamphata n'kulowa msewu wa ku Nkhoma, kapena ndimatenga msewu wa ku Salima kumene zitunda za Dowa zimayamba kutsikira kunyanja. Ndikafika pansi pa mtsetse ndimayandikiza chikhatho ku disiki yakumanja, kenako yakumanzere, osagwira. Ulendo wathawu yakumanja inali yofundabe kuposa inzake, ndipo nditafika kunyumba ndinabweza kachipukuso kake mano awiri.